Kumanga mosataya nthawi ndi simenti: mmene ndimayendetsera saiti kuno ku Blantyre

Mwini nyumba akaona kuti ndalama zikutha khoma lisanafike pa lintala, maso ake amathamangira kwa mlonda ndi loko wa pasitolo. Kuba kulipo, sindikukana. Koma pa masaiti amene ndakhalapo kapitawo, ku Machinjiri, ku Chigumula ndi ku Mpemba, chimene ndachiona chikudya ndalama kwambiri ndi kudikira. Amisiri afika m'mamawa, mchenga kulibe. Mchenga wafika, madzi asiya kutuluka. Madzi abwera, mwini nyumba sananenebe kuti zenera la pabalaza likhale mbali iti. Dzuwa lalowa, anthu aja akufuna zawo, khoma lili pomwe linali dzulo.

Vutoli si la kuno kokha, ndipo akatswiri akhala akulifufuza kwa zaka zoposa 30. Njira zomwe apeza amazitcha lean construction. Zina mwa izo n'zamayiko a ndalama, ife sitingazikwanitse. Zina zimangofuna thabwa, choko ndi kapitawo wodziwa kumvera. Zachiwirizi ndi zomwe ndikufuna ndikuonetseni.

Kumene zinachokera

Gwero lake ndi fakitale ya galimoto ya Toyota ku Japan. Kumeneko Taiichi Ohno anatchula njira 7 zomwe chuma chimatayikira pa ntchito: kupanga zinthu zisanafunike, kudikira, kusamutsasamutsa katundu, kuchita zoposa zofunika, kuunjika katundu wosagwiritsidwa ntchito, kuyendayenda kwa antchito, ndi kubwereza ntchito yolakwika. Mu 1992 Lauri Koskela wa ku Finland, ali pa yunivesite ya Stanford, analemba kuti maganizo amenewa angathandizenso omanga nyumba. Mu 1993 gulu la ofufuza lotchedwa IGLC linakumana koyamba ku Espoo, ku Finland komweko, ndipo mpaka lero limachita msonkhano chaka ndi chaka. Zolemba zawo zili pa intaneti mwaulere, bola bandulo.

Koma amene anandigwira mtima ine ndi Glenn Ballard ndi Greg Howell a ku America, omwe anayambitsa Lean Construction Institute mu 1997. Iwowa anachita chinthu chosavuta: kuyenda m'masaiti n'kumawerenga kuti mwa ntchito zomwe akapitawo alonjeza kuti zichitika sabata ino, zingati zatheka. Anapeza kuti ndi pafupifupi theka lokha. Taonani, kumeneko ndi ku America, kopanda mizere ya dizilo. Apa ndi pomwe panachokera njira ya Last Planner, yomwe Ballard anailemba bwino mu digiri yake ya PhD pa yunivesite ya Birmingham mu 2000. Mfundo yake ndi yakuti munthu womaliza kukonza dongosolo la ntchito akhale amene ali pa saiti kutsogolera oigwira ndi manja, osati wa ku ofesi.

Yambirani kumapeto

Ntchito isanayambe, itanani onse amene adzakhudze nyumbayo: mmisiri wamkulu, kalipentala, pulambala, wamagetsi, wowotcherera mafelemu. Eni nyumba ambiri amaona ngati n'kutaya ndalama za minibasi kuitana wamagetsi maziko asanakumbidwe. Lipirani basi. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi kugumula pulasitala watsopano kuti paipi ya magetsi ilowe.

Mukakhala pansi, musayambe ndi tsiku lokumba. Yambani ndi tsiku lomwe mwini nyumba akufuna kulandira makiyi, muzibwerera m'mbuyo. Funso ndi limodzi kwa aliyense: kuti inu muyambe, ndani akhale atamaliza chiyani? Wopenta anena kuti akufuna pulasitala wouma ndi magalasi m'mazenera. Wapulasitala anena kuti akufuna denga ndi mapaipi a magetsi ali kale m'khoma. Pulambala akumbutsa kuti mapaipi ake a pansi alowe konkire asanathiridwe. Aliyense alembe ntchito yake pa kapepala, mumate pa thabwa motsatana. Pamakhala kukangana, ndipo ndi bwino kukanganako kuchitikire pa thabwa.

Masabata 6 akutsogolo, ndi mafunso 7

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye ndichedwapo.

Sabata iliyonse yang'anani ntchito zonse zomwe zikubwera m'masabata 6 akutsogolo. Koskela anaonetsa kuti ntchito ya pa saiti imafuna zinthu 7 kuti iyende: pulani yomveka, katundu, anthu, zida, malo ogwirira, ntchito yam'mbuyo itatha, ndiponso nyengo ndi zina zakunja zitalola. Chimodzi chikasowa, ntchitoyo sinapse. Musaiyike pa ndandanda wa sabata ya mawa. Lembani chosowacho, dzina la amene achisake, ndi tsiku lomwe chipezeke.

Titenge kuthira silabu ya nyumba yosanja, poti ndi tsiku lomwe limaulula kapitawo. Konkire akayamba kuthiridwa sayenera kuimira pakati mwachisawawa, chifukwa wakale akauma watsopano asanafike, pamakhala msoko wofooka pomwe madzi adzadutse. Choncho masabata angapo lisanafike tsikulo ndimayenda ndi kope. Kodi injiniya waona zitsulo, wavomera? Matumba a simenti ali musitolo kapena akadali m'malonjezo? Miyala ya kwale yochokera ku Njuli yafika, ndipo ndi saizi yomwe tinaitanitsa? Mikisa yabwerekedwa, nanga mafuta ake ali m'chigubu kapena tikuyembekezera kukafola tsiku lomwelo? Migolo yadzaza? Pa madzi ndimaumirira kwambiri. Madzi ambiri a mzinda uno amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire kukwera mtunda wonsewu, ndiye kumadera okwera mpopi si wouikira mtima wonse. Ndipo madziwo si a tsiku lothira lokha: silabu imafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu ya konkire amaiyeza pa masiku 28. Kenako mapolo a bulugama ochirikiza matabwa, njira ya mawilibala, mapepala apulasitiki ophimbira mvula ikagwa, ngakhale chakudya cha anyamata, chifukwa akabalalika masana kukasaka chiwaya, konkire sadikira.

Mu 2004 Koskela anaonjezera njira ina yotayira chuma pa zija za Ohno, ndipo ndikamaiwerenga ndimaona ngati ankanena za ife. Ndi kuyamba ntchito zinthu zisanakwane, n'kumangopanga zoti ziyende. Kuno timakunyadira kumeneku. "Tiyeni tiyambe, zina zitipeza." Mafelemu sanabwere, mmisiri asiya mpata mongoyerekeza, felemu likafika n'kupezeka kuti ndi lalikulu, ayamba kusema khoma. Waya womangira zitsulo watha, wina asomola waya wa pa mpanda. Munthu satereka madzi a nsima chimanga chili kuchigayo, koma pa saiti timachita zimenezi tsiku ndi tsiku, n'kumati ndife akhama.

Nanga anthu azingokhala? Ayi. Muzikhala ndi ntchito zingapo zokonzeka kale zomwe sizili zachangu, monga kuumba mabuloko, kukumba dzenje la sepitiki, kupinda zitsulo za lintala. Ntchito yaikulu ikaima, anthu asamukire kumeneko, osati kukayamba chinthu chomwe mudzagumule.

Lonjezo la Lachisanu

Lachisanu masana, ntchito isanaweruke, timaima pa thabwa lija. Aliyense wotsogolera gulu amanena yekha zomwe amalize sabata ikubwerayo. Ine sindimuuza, ndimangofunsa. Lonjezo likhale loti munthu angaliloze ndi chala. "Tipitiriza kumanga" si lonjezo. "Khoma la kukhitchini lifika pa lintala Lachitatu" ndiye lonjezo.

Chovuta kwambiri pamenepa ndi ulemu wathu. Mmisiri wa kuno sakana pamaso pa bwana. Mukati, "Madala, pofika Lachitatu mukhala mutamaliza?" yankho ndi "Ee bwana, zitheka," ngakhale akudziwa mumtima kuti mabuloko sakwana. Ofufuza a Last Planner amati lonjezo lilibe mphamvu ngati wolonjezayo alibe ufulu wokana. Ndiye ndinasintha kafunsidwe. Ndimati, "Akulu, chingakulepheretseni n'chiyani kuti mufike Lachitatu?" Pamenepo pakamwa pamatseguka. "Bwana, dakaboyi mmodzi ali kumaliro ku Thyolo, abwera Lachiwiri. Komanso mchenga watsalawu ndi wamatope, sungagwire." Zikatero timachepetsa lonjezo kuti lifanane ndi zomwe zilipo, ine n'kutenga nkhani ya mchenga kukhala lonjezo langa, lolembedwa pa thabwa lomwelo pansi pa dzina langa. Kapitawo amene dzina lake silioneka pa thabwa asayembekezere kuti amisiri azimuuza zoona.

Mwini nyumba nayenso amalowa pamenepo. Ambiri amene ndimawamangira ali ku Johannesburg kapena ku Lilongwe, ndipo ntchito imaima chifukwa sanasankhe matailosi kapena sanatumize ndalama ya malata. Ndimajambula thabwalo n'kuwatumizira pa WhatsApp, dzina lawo likuoneka pa mzere wake ndi tsiku lake. Ena zimawanyansa poyamba. Amazolowera.

M'mawa uliwonse timaimanso pamodzi mphindi zochepa, chiimirire, aliyense anene zomwe achite lero ndi chomwe chamutsekereza. Mukangolola anthu kukhala pansi, msonkhano usanduka bwalo la milandu.

Kuwerenga, ndi kufunsa chifukwa

Lachisanu lotsatira mumabwerera ku malonjezo aja. Lililonse ndi "latheka" kapena "silinatheke". Palibe "latsala pang'ono", chifukwa khoma lotsala mizere iwiri kalipentala sangaikepo denga. Mwachitsanzo, ngati munalonjeza ntchito 20 ndipo zatheka 12, ndiye kuti mwakwanitsa 60 pa 100. Ofufuza nambala imeneyi amaitcha PPC. Muziilemba sabata ndi sabata pakona pa thabwa.

Nambalayo payokha sithandiza kwenikweni. Chothandiza ndi chifukwa chomwe mwalemba pambali pa ntchito iliyonse yolephereka. A Toyota ankaphunzitsa kufunsa "chifukwa chiyani" kasanu motsatizana mpaka ufike pa muzu. Pulasitala sanathe. Chifukwa? Mchenga unatha Lachitatu. Chifukwa? Lole inachedwa kubwera. Chifukwa? Tinaitanitsa mchenga utatha kale. Chifukwa? Palibe amene anapatsidwa udindo woyang'ana mulu. Mwaona, mlandu wachoka kwa dalaivala wa lole, wafika pa ife. Mankhwala ake ndi kukhoma chikhomo pa mulu wa mchenga: ukangotsika kufika pamenepo, dakaboyi auze kapitawo, foni iimbidwe tsiku lomwelo.

Pakatha mwezi mukaphatikiza zifukwa zija, mudzaona kuti ziwiri kapena zitatu ndi zomwe zikubwerezabwereza. Limbanani ndi zimenezo.

Chenjezo limodzi: musadule malipiro a munthu chifukwa cha nambala imeneyi. Mukatero, sabata yotsatira aliyense adzalonjeza tintchito tochepa kuti apeze 100, ndipo thabwa lanu lidzakhala lokongola nyumba isakuyenda.

Pomwe mabuku ndimasemphana nawo

A Toyota amati katundu azifika nthawi yomwe akufunika, osaunjika. Ku Japan zimatheka. Kuno kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi ndalama m'thumba kudikira kuti adzagule zitsulo pa nthawi yake analira. Si ife tokha. Henry Alinaitwe wa pa yunivesite ya Makerere atafufuza ku Uganda mu 2009, anapeza kuti chopinga chachikulu pa njirazi chinali chomwechi, kupeza katundu pa nthawi yeniyeni yomwe akufunika.

Ndiye ine ndimagawa katundu pawiri. Zitsulo, malata, mapaipi, mawaya, zinthu zochokera kunja zomwe siziwonongeka zikasungidwa pouma, gulani ndalama ikangopezeka, bola muli ndi posunga podalirika. Mchenga ndi miyala tutani mvula isanayambe mu Novembala, misewu ya kumapuloti isanasanduke matope. Koma simenti ndi nkhani ina. Simenti amakoka chinyezi, ndipo akakhala miyezi yoposa itatu mphamvu imayamba kuchepa. Ndaonapo sitolo yodzaza matumba ogulidwa pothawa kukwera kwa mitengo, apansi atauma gwa, ogwira kukhoma atachita mibulu. Ngati mwagula wambiri, ikani pa matabwa osati pansi, mutalikitse ndi khoma, musasanjike matumba oposa 10, ndipo oyamba kulowa akhale oyamba kutuluka. Chabwino koposa ndi kupangana ndi wogulitsa wodalirika kuti mulipire lero koma muzitenga pang'onopang'ono, lisiti lili m'manja.

Pomwe lole itsitsire katundu muzisankha inu, osati dalaivala. Mchenga, miyala, migolo ndi posakanizira zikhale moyandikana, kufupi ndi pomwe pakumangidwa. Tsiku lina mudzangoima pambali kwa ola limodzi n'kumuyang'ana mnyamata wa wilibala. Akazungulira nyumba yonse kuti afike pa mmisiri, maulendo onsewo mukulipira ndinu. Daka musasakanize wambiri nthawi imodzi. Akayamba kulimba anyamata amathiramo madzi kuti afewe, ndipo akatero mphamvu yapita. Ku Brazil, Carlos Formoso ndi anzake anayeza katundu wotayika m'masaiti ambiri, ndipo anapeza kuti zochuluka zikanapeweka ndi njira zotsika mtengo, makamaka zokhudza kayendetsedwe ka saiti.

Ndinene poyera, poti ena akamva za kusataya amamva zina: njirazi sizikutanthauza kuchepetsa simenti m'daka kapena kutalikitsa zitsulo. Tonse tinaona zomwe madzi anachita ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mzinda uno ndi wa zitunda. Maziko, ngalande ndi khoma lotchinga dothi si malo osungirapo ndalama.

Kumene kafukufuku akulowera masiku ano

Mukatsegula zolemba za zaka zaposachedwa, mupeza zambiri zikukamba za makompyuta. Pali BIM, komwe nyumba yonse imamangidwa kaye pa kompyuta kuti muone paipi yomwe ikuwombana ndi bimu (mtanda wa konkire) simenti asanagulidwe. Rafael Sacks, Koskela ndi anzawo analemba mu 2010 za mmene BIM ndi lean zimathandizirana, ndipo kuchokera pamenepo nkhaniyi yakula, mpaka kufika pa makamera ndi timakina toyeza mmene ntchito ikuyendera. Pa chipatala kapena nyumba yaitali ya m'tauni, n'zothandiza, ndipo achinyamata ochokera ku MUBAS amene amadziwa makompyuta aziphunzire ndithu. Pa nyumba ya zipinda zitatu ku Chileka, kukhala pansi ndi pulambala ndi wamagetsi pa pulani imodzi kumagwira ntchito yomweyo.

Ena akufufuza za mapangano. Ku California, bungwe la zipatala la Sutter Health linali limodzi mwa oyamba kuika wojambula pulani, injiniya ndi kontirakitala pa mgwirizano umodzi, kuti phindu ndi kuluza zikhale za onse. Ife sitinafike kumeneko, koma phunziro lake ndi lathu. Timalipira mmisiri pa siteji, "pa windo", "pa lintala", "pa denga", ndiye iye amathamangira siteji osalabadira obwera pambuyo pake. Ine ndimaika m'pangano kuti siteji yatha pokhapokha wotsatira wayendera n'kuvomera kuti angayambe. Kalipentala akakana khoma lopendama, ndalama ya pa lintala idikire kaye.

Kulinso kafukufuku wolumikiza njirazi ndi kusamala chilengedwe. Kuno zimatikhudza chifukwa cha malamulo a mu 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Mabuloko a simenti ali ndi ubwino womwe ambiri sauona: saizi yake ndi imodzi. Wojambula pulani akayeza kutalika kwa makoma ndi mipata ya mazenera molingana ndi buloko, kudula kumachepa, ndipo mulu wa zidutswa uja umene umatsala kuseri kwa nyumba sukhalapo. Kungoti mabuloko amafuna masiku awo othiriridwa asanakwere pakhoma, ndiye nawonso alowe m'masabata 6 aja.

Chomwe ndikuchiona kuti chingatithandize msanga ndi takt, njira yomwe yafufuzidwa kwambiri ku Germany, ku Finland ndi ku America. Mumagawa ntchito m'zigawo zofanana kukula, ndipo gulu lililonse limakhala m'chigawo chimodzi masiku ofanana, kenako onse n'kusuntha limodzi. Pa nyumba imodzi n'zovuta. Koma pa mdadada wa nyumba za lendi, makalasi a sukulu kapena hositelo, zimakhala bwino kwambiri. Tinene kuti muli ndi nyumba 6 zofanana. M'malo moti zonse zikwere limodzi n'kudzaimira limodzi pa lintala ndalama zitatha, womanga amalize yoyamba sabata ino n'kupita pa yachiwiri, kalipentala alowe pa yoyamba, sabata inayo wamagetsi ndi pulambala, kenako wapulasitala. Gulu lomwe likuchedwa muliwonjezere munthu, lomwe likuthamanga mulichepetse, mpaka onse aziyenda mofanana. Cholakwika chomwe chapezeka pa nyumba yoyamba chimakonzedwa chisanabwerezedwe pa zisanu zotsalazo. Ndipo yoyambayo imalowa wa lendi zinazo zikumangidwa, ndalama yake n'kumagulira simenti wa yomaliza.